Kachasu wa Nsomba Zanga

Linali Lachinayi, tsiku lachisanu ndi chinayi la mwezi wa Ramadani, nthawi ili 2 koloko masana, pamene ndinaona kanthu koyera kakulendewera kumimba kwa nsomba yanga yachikasu. Ndinavala magalasi. Kanali kophwatalala ngati ulusi wa thumba la feteleza, kotalika ngati chala changa chaching'ono, kokhala ndi timfundo. Nsombayo inkangosambira nako ngati sikakuikhudza.

Njoka za m'mimba zamtunduwu ndinkazidziwa. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi ku Monkey Bay, pakampani ina yogwira mbuna zamoyo n'kumazitumiza kunja kwa anthu oweta nsomba m'nyumba. Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, tamawangamawanga, tomwe asodzi salabadira chifukwa m'mbale sitioneka. Ine ndinkayang'anira mathanki: kusintha madzi, kudyetsa, kupatula zodwala. Kampaniyo itatseka ena anapatsidwa mipando, wina anatenga firiji. Ine ndinapempha thanki imodzi yagalasi yolowa ndowa zisanu ndi imodzi, ndi kapampu ka mpweya. Ndinabwera nayo kuno ku Lungwena, kwawo kwa akazi anga, itakulungidwa m'matiresi, ndipo inakhala pabalaza, pamalo pomwe anzathu amaikapo kanema.

Alamu anga, achimwene awo aakulu a akazi anga, ndi asodzi a ukonde wa chilimira. Tsiku loyamba anayang'ana thankiyo nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti zikakula tidzadya liti. Patapita zaka anasiya kufunsa, ndipo mwezi umodzi Ramadani isanayambe anandibweretsera mbuna ziwiri zomwe zinakodwa muukonde wawo, atazisunga m'chigubu chodula cha madzi a m'nyanja. Lamulo la ntchito yathu ndi loti nsomba yatsopano ikhale kaye payokha milungu itatu. Koma iwo anaima pomwepo, manja ali m'chiuno, kudikira kuti aone mphatso yawo ikulowa m'galasi. Kuika mphatso ya alamu m'beseni kuseri kwa chitseko iwo akuona, pamudzi woti ndiwe mkamwini, sizichitika. Ndinakhuthulira momwemo, ndi madzi omwe. Sindinganene motsimikiza kuti njokazo zinalowa choncho, koma njira ina sindikuiona.

Lachinayi limenelo ndinaziyang'ana zonse imodziimodzi. Zinalipo khumi ndi imodzi. Zitatu zinali zitaphwa mimba, ngakhale zinkalimbirana chakudya kuposa zinzake. Nsomba ikamadya kwambiri koma n'kumaonda, pali wina amene akudya nayo.

Mankhwala ake si achilendo kunyanja kuno. Ndi omwe aja a likodzo, mapiritsi oyera aataliatali owawa, amene alangizi azaumoyo amagawa kusukulu atakuimika pandodo yoyezera msinkhu. Lachisanu ndinakwera njinga yamoto kupita kuboma. M'sitolo ya mankhwala munali mtsikana wovala yunifolomu yoyera, ndipo nditatchula dzina la mankhwalawo anafunsa kulemera kwa wodwalayo. Ndinati wodwalayo sindinamuyezepo, koma madzi amene amakhalamo ndi ndowa zisanu ndi imodzi. Anandiyang'ana. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira ku Monkey Bay. Anaitana mnzake kuchipinda chamkati kuti ndiyambirenso, ndipo ndinayambiranso. Pomaliza anandigulitsa piritsi limodzi, nalemba pakathumba kake kuti «nsomba», kuti wina asalimwe. Ndinamuyamikira chifukwa cha zimenezo. Ndinaswali Juma, pemphero la Lachisanu, kuboma komweko n'kubwerera.

Loweruka m'mawa akazi anga atapita kumathandala kukayanika usipa, ndinadula piritsilo pakati. Theka ndilo linali muyeso wa thanki yanga. Theka linalo linali la mlungu wotsatira, chifukwa mankhwalawa ukapereka kamodzi kokha, njoka zotsala zimayambiranso. Ndinaphwanya thekalo pakati pa masipuni awiri mpaka linakhala ngati ufa wosalala, n'kuthira m'kapu ya madzi. Ufawo unangoyandama pamwamba. Ndinatakasa, unamatirira m'mbali mwa kapu. Ndinayesa madzi ofunda, unapanga timibulu. Ndinatakasa mphindi makumi awiri ndikuyang'ana wotchi, ndipo palibe chinasintha.

Pamenepo ndinakumbukira chimene ndinali nditachikumbukira kale Lachinayi lomwe lija, n'kuchikankhira pambali. Kuntchito kuja, m'kabati ya mankhwala a nsomba, munkakhala botolo la mowa woyera waukali. Abwana ankathira masipuni awiri m'kapu, ufa uja n'kusungunukiramo nthawi yomweyo, kenaka ankathira muthanki. Mankhwalawa madzi amawakana, koma mowa amaumvera. Kiyi wa kabatiyo ankasunga ndine, chifukwa pa antchito onse ndine ndekha amene sindinkamwa.

Apa ndiyenera kunena za ine pang'ono. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndili mnyamata ndinkamwa, osati pang'ono. Pofuna kukwatira ndinalowa Chisilamu, ndipo ndinalonjeza pamaso pa amalume awo a akazi anga kuti mowa ndasiya. Chaka chachiwiri cha ukwati ndinaphonya kamodzi. Anandipeza m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, nsapato imodzi palibe. Akazi anga anabereka mwana kumbuyo n'kubwerera kuno kwawo, nakhala miyezi itatu. Pobwerako sanalalate. Anangonena kuti kachiwiri sikadzakhalako, ndipo akadzachoka ulendo wina sadzasiya ngakhale chipande. Sanabwerezenso mawuwo m'zaka makumi awiri. Sipanafunike kubwereza.

Ndinaganizira sipiriti wofiirira wopaka pabala, koma ameneyo amapha nsomba. Mowa wa m'mabotolo a m'sitolo unali kuboma, ndipo nsomba yachikasu ija inali itayamba kukhala pakona, zipsepse zitakomana. Pafupi panali kachasu basi. Amaphika mayi ena obwera, kuseri kwa msika, kumene kumakhala anthu a maboma ena.

Ndinaganiza zodutsa kumathandala kukawauza akazi anga. Kenaka ndinaganiza kuti kumutchulira kachasu munthu wosala kudya, pakati pa anzake, n'kumusokonezera tsiku pachabe. Ndinati ndipite msanga, ndibwere msanga, nkhani idzakambidwe nsomba zitachira. Ndinatsuka kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, n'kuika m'thumba la jekete. Chisoti changa cha Chisilamu ndinachisiya pamsomali. Sindinadzere mumsewu. Ndinadzera kanjira ka m'munda wa chinangwa kotulukira kuseri kwa msika, komwe ndinali ndisanapondemo chibwerere kuno.

Pabwalo la mayiwo panali amuna atatu pansi pa mtengo wa mango, nthawi isanakwane 11 koloko. Onse ankandidziwa. Anasiya kuyankhula, kenaka wina wamkulu, amene kale anali msilikali, anasuntha pabenchi kundipatsa malo.

«Khalani, Angoni. Tinkadziwa kuti mudzabwera kwanu.»

Ndinakana benchi mwaulemu. Ndinawauza mayiwo kuti ndikufuna masipuni anayi, awiri a lero ndi awiri a Loweruka linalo. Iwo anati chiyambire kuphika sanagulitsepo mowa pasipuni, ndipo sayambira pa ine. Muyeso wawo wotsiriza unali kakapu kagalasi, kamene kanadzaza kabotolo kanga kupitirira theka. Anafunsa ngati ndi wa dzino. Ndinati ndi wa nsomba. Msilikali uja anatembenukira kwa anzake n'kuwauza kuti iye pazaka zonsezi ananamizirapo dzino, chimfine, maliro ndi kuzizira, koma nsomba anali asanaiganizepo, ndipo sukulu ndi yabwino. Wina anafunsa ngati nsombazo zimafuna wothira fanta. Wachitatu anadzipereka kuti azikhala muthankimo iyeyo.

Mayiwo okha ndi amene anamvetsera mpaka kumapeto. Anati ngati ndi wosungunulira mankhwala ndiye ndisatenge wa m'chigubu, umene amasakaniza ndi madzi. Analowa m'nyumba n'kutulutsa woyamba kudontha, umene iwo amati mutu. Pothira, fungo lake linandifika. Ndinene zoona: thupi langa linaudziwa msanga kuposa mmene ndimadziwira achibale ena. Malovu anadzaza m'kamwa. Ndinatseka kabotoloko mwamphamvu, ndinalipira, ndinabwerera m'chinangwa momwe muja. M'mundamo munali mayi wina akuzula chinangwa. Tinapatsana moni.

Kunyumba zinayenda monga mwa buku. Masipuni awiri m'kapu, ufa unasungunuka, osatsala ndi kambulu komwe. Ndinachotsa makala m'sefa ya thanki, chifukwa makala amayamwa mankhwala. Ndinathira pang'onopang'ono pomwe pamatulukira thovu la mpweya. Madzi anachita mbuu, nsomba zinathamangathamanga kanthawi, kenaka zinadekha. Ndinatsuka kapu ndi masipuni katatu ndi sopo, kunja.

Kunatsala nkhani ya kabotolo. Munthu wina akanataya wotsalawo. Koma Loweruka linalo pankafunika masipuni ena awiri, ndipo sindinkafuna kubwereranso pansi pa mango paja. Ndinadula kachidutswa ka pulasitala, ndinamata pomwe mowa unalekezera, ndinalembapo tsiku ndi nthawi. Kenaka ndinakaika kuseri kwa thanki, pakati pa batire ya sola ndi khoma. Ndinaona kuti ndachita zinthu mwadongosolo.

Akazi anga anabwera dzuwa litapendeka. Anandipatsa moni, ndinayankha. Anaphika futali wa mbatata ndi nsinjiro osayankhula zambiri, zomwe m'mwezi wosala sizachilendo. Nthawi yomasula kusala itayandikira anafika alamu, atanyamula mphatso ya chambo chowamba, zomwe sachitachita. Titamwa madzi ndi kuswali, tinakhala pamkeka. Alamu anasendera kufupi ndi ine kuposa masiku onse. Ankandifunsa mafunso ofuna mayankho aatali, za mtengo wa injini, za msewu wa kuboma, ndipo ndikamayankha ankapendeketsa mutu, mphuno ili chakukamwa kwanga. Nditazindikira, ndinawapumira mpweya bwinobwino kuti asavutike.

«Mbatata yokhayokha,» anatero kwa mlongo wawo.

Kenaka anaseka, nanena kuti mudzi wonse ukudziwa kuti Angoni awo apita kukawaona makolo kuseri kwa msika. Ndinafotokoza za njoka, za piritsi, za mmene ufa umakanira madzi. Kuti nsomba zoyambitsa zinali zawo, sindinanene. Anadzuka kukasuzumira m'galasi kuti aone ngati nsomba zikudzandira. Anati imodzi ikuoneka ngati yakhuta, ndipo aka n'koyamba kuona ndiwo ikumwa mwini wake ali kusala. Anatsanzika akusekabe. Iwo nkhaniyi inawathera pamenepo.

Akazi anga akakwiya amayankhula Chiyao. Akakwiya kwambiri amayankhula Chichewa chomveka bwino ngati cha pawailesi, kuti ndisaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Atachotsa mbale anakhala moyang'anizana nane n'kufunsa m'Chichewa kuti kabotoloko kali kuti. Ndinakatenga kuseri kwa thanki, ndinakaika pamkeka, n'kuwaonetsa pulasitala uja, kuti aone okha kuti mowa uli pomwe ndinausiya.

«Pulasitalayu wamata ndani?»

«Ine.»

«Ndiye akundiuza chiyani, abambo?»

Ndinaliganizira funsolo, ndipo ndinaona kuti linali lolondola. Ndinati pofika mawa kapena mkuja njoka zidzakhala zitatuluka, ndipo adzaziona pansi pa thanki ndi maso awo. Anati njokazo zikatuluka zidzangosonyeza kuti nsomba zinamwa, za ine sizidzanena kanthu.

 

Kenaka anayamba kufotokoza, mosakweza mawu. Anati zoti sindinamwe anadziwa atangolowa pakhomo, chifukwa munthu amene anamutola pamsewu wopanda nsapato imodzi amamudziwa makhalidwe ake, ndipo kununkhiza kwa achimwene awo kunali kwa iwo eni. Anati nkhani inafika kumathandala nthawi ya swala ya masana isanakwane. Mayi wa m'chinangwa uja anauza mnzake, mnzakeyo anabwera nayo. Pathandala panali azimayi asanu. Palibe amene anaseka. Wina anawagwira paphewa n'kuwauza kuti alimbe mtima, amuna ndi choncho. Wina anawathandiza kutembenuza usipa wawo, ngati pamaliro. Ndipo iwo anaima pamenepo opanda choyankha, chifukwa sankadziwa kanthu. Anati ndikanadutsa m'mawa uja n'kunena mawu awiri, akanawayankha azimayiwo kuti inde, ndamutuma ndine, nsomba zake zikudwala, ndipo onse akanaseka n'kuiwala.

«Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwauza kuti bambo awa sabisa kanthu. Lero mwavula chisoti, mwadzera m'chinangwa.»

Ndinati ndinkaopa kuwasokonezera kusala. Anati ndawasokonezera ndithu, ndipo ndaonjeza kuika chinthucho mikono iwiri kuchokera pomwe amayala mkeka wawo woswalira. Anati kabotoloko kasagone m'nyumba. Ndinanena za masipuni awiri a Loweruka, kuti popanda amenewo ntchito ya lero ipita pachabe. Anayankha kuti za nsomba ndimadziwa ndine, iwo sanagwireko ntchito ku Monkey Bay. Za kuchoka sanatchule. Koma anatenga mkeka ndi chofunda chawo n'kukalowa kuchipinda chomwe ankagona ana athu aakazi asanakwatiwe, chimene chinali chisanagonedwe zaka zitatu. Ine ndinakapachika kabotoloko kudenga la bafa, kunja.

M'mawa mwake, nditaswali, ndinadikira kuti kuyere n'kukayang'ana thanki. Pansi, pakati pa miyala, panali njoka zisanu ndi ziwiri, zoyera, zopindikapindika, zosagwedera. Nsomba imodzi mwa zoonda zija inali itafa, itakanirira kusefa. Yachikasu inali itachoka pakona. Ndinakoka njokazo ndi kapaipi n'kuzithira m'ndowa, ndinachotsa yakufayo, ndinakakwirira zonse kuseri. Sindinaitane munthu kuti adzaone.

Akazi anga anali pakhonde akusankha madengu opita nawo kunyanja. Ndinatenga kabotolo kubafa, ndinakaika m'kajumbo koonekera mkati, ka shuga. Ndinavala chisoti. Ndinaima patsogolo pawo n'kuwauza kuti ndikupita kuseri kwa msika kwa mayi ophika kachasu, kukawapempha kuti andisungire kabotoloka mpaka Loweruka. Kuti Lowerukalo ndidzapitanso ndi kapu ndi theka la piritsi, ndikasungunulire komweko, wotsalawo ndikawasiyire. Ndiponso kuti ndidzera mumsewu. Sanadzutse mutu. Anagogoda dengu limodzi pansi kuchotsa mamba, anagogodanso lina.

«Mudzere kumathandala,» anatero. «Muyambe mwadikira kaye, afike onse asanu.»

Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa linakwera pang'ono, iwo atatsogola kale. Kenaka ndinanyamuka, kajumbo kali m'dzanja lakumsewu. Ndinadutsa pamzikiti, pomwe akuluakulu awiri anali pakhonde, ndipo ndinawapatsa salamu n'kuwauza chimene ndanyamula asanafunse. Kumathandala azimayi analipo asanu ndi mmodzi, pamodzi ndi akazi anga. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi. Ndinakweza kajumbo m'mwamba n'kufotokoza kuyambira ku Monkey Bay, osadumpha ndowa zisanu ndi imodzi, makala a m'sefa, ndi chifukwa chake mankhwalawa amaperekedwa kawiri. Zinatenga nthawi. Wina anafunsa ngati njokazo zimagwiranso anthu odya usipa, ndipo ndinayankha zimene ndikudziwa. Akazi anga ankayala usipa osanditembenukira, koma wina atayamba kuseka, iwo anamuuza m'Chiyao kuti amuna awo ndi otero, akayamba kufotokoza sasiyira panjira, ndipo awasiye amalize.

Kuseri kwa msika ndinapeza mayi aja akutsuka migolo. Anati kusunga asunga, koma amuna awo saona pulasitala. Choncho tinakulunga kabotoloko m'chitenje chakale n'kukaika m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Ndinabwerera mumsewu womwewo, ndipo nditafika kunyumba ndinatunga ndowa ziwiri pamjigo n'kuziika padzuwa kuti madzi afunde, ndisinthire nsomba masana.